Max Schmeling ndi dzanja lamanzere la Joe Louis: lipoti la mphunzitsi wa nkhonya

Mnyamata aliyense amene ndaona kuti wakhwima moti angalowe mu ring'i, ndisanamupezere womenyana naye ndimamukhazika pansi n'kumuonetsa makanema awiri akale pa foni. Woyamba ndi wa pa 19 Juni 1936, wachiwiri ndi wa pa 22 Juni 1938. Omenyana ndi omwewo, Max Schmeling ndi Joe Louis, bwalo ndi lomwelo la Yankee Stadium ku New York, woyimbira ndi yemweyo, Arthur Donovan. Nkhonya yoyamba inafika raundi ya 12. Yachiwiri inatha m'mphindi ziwiri ndi masekondi anayi. Lipoti ili ndi la munthu amene anapambana koyambako n'kudzaphwanyidwa kachiwiriko, Mjeremani Max Schmeling, ndipo ndalembera aphunzitsi anzanga. Chimene ndikufuna tione limodzi ndi ichi: mu 1936 anapambana ndi maso, ndipo mu 1938 analowa mu ring'i atanyamulabe zimene maso aja anaona kale, ngati kuti Louis zaka ziwiri zonsezo anangokhala chikhalire.

Kumene anachokera

Anabadwa pa 28 Sepitembala 1905 m'mudzi wa Klein Luckow, kumpoto chakum'mawa kwa Germany, koma anakulira ku Hamburg, kumene bambo ake ankagwira ntchito ya m'sitima zapamadzi. Ali mnyamata anaonera kanema wa nkhonya ya Jack Dempsey ndi Georges Carpentier ya mu 1921, mtima wake n'kutsala komweko. Anayamba nkhonya zolipidwa mu 1924. Mu 1926 anatenga lamba wa Germany wa light heavyweight, mu 1927 anagonjetsa Fernand Delarge n'kutenga lamba wa ku Ulaya wa gulu lomwelo, ndipo mu 1928 anakwera ku heavyweight, gulu la olemera kwambiri, n'kulanda lamba wa Germany kwa Franz Diener. Chaka chomwecho anawoloka nyanja kupita ku America, kumene kunali ndalama za nkhonya.

Kumeneko anapeza anthu awiri amene sitingawasiye m'nkhani yake. Mphunzitsi wake Max Machon anachoka naye ku Germany ndipo sanasiyane. Manijala wake watsopano anali Joe Jacobs, Myuda wa ku New York, munthu wa pakamwa, wosachotsa ndudu yaikulu pamlomo.

Thupi la Schmeling silinali loopsa. Ankalemera makilogalamu pafupifupi 87, zomwe masiku ano sizingamulowetse n'komwe mu heavyweight. Miyendo yake inali yosathamanga, ndipo maraundi oyamba ankayamba mozizira. Kaimidwe kake ndiye kanali kachilendo: thupi lotsamira kumbuyo, kulemera konse pa mwendo wakumanja, mutu atauchotsa panjira ya zibakera, dzanja lamanzere lili patsogolo longoyezera mtunda, lamanja lili pafupi ndi chibwano likudikira. Sanali wothamangitsa mnzake. Anali wotchera, wodikira kuti wina alakwitse.

Lamba wobwera ndi manyazi

Gene Tunney atapuma pa nkhonya, lamba wake wa heavyweight wa dziko lonse unatsala wopanda mwini. Pa 12 Juni 1930 Schmeling anakumana ndi Jack Sharkey kulimbirana lambawo. Sharkey ndiye ankatsogola. Mu raundi yachinayi chibakera chake chamanzere chinagwera kunsi kwa mchombo, Schmeling anagwa akubuula, Jacobs anakwera pa ring'i akukuwa, ndipo woyimbira anamuchotsa Sharkey. Schmeling anakhala Mjeremani woyamba kutenga lamba wa heavyweight wa dziko lonse, komanso munthu woyamba kuutenga ali chigonere pansi, chifukwa cha kulakwa kwa mnzake. Ku America anamuseka, kwawo nakonso ambiri sanamuwerengere.

Anachotsako manyaziwo mu 1931 pomenya Young Stribling ku Cleveland mpaka woyimbira kuimitsa mu raundi ya 15. Mu 1932 Sharkey anamulanda lamba pa mapointi, pachigamulo chimene olemba nkhani ambiri amene analipo anachikana, ndipo Jacobs anafuula pa wailesi kuti awabera. Mu Juni 1933 Max Baer anamuthibula mpaka nkhonya kuimitsidwa mu raundi ya 10. Kumayambiriro kwa 1934 Steve Hamas anamugonjetsanso. Anthu anati watha. Anabwerera kwawo, n'kumenya Walter Neusel ku Hamburg pamaso pa anthu pafupifupi 100,000, n'kubwezera Hamas mu 1935, koma ku America ankamuonabe ngati katswiri wadzulo, woyenera kungokhala chopondera cha mnyamata amene akukwera.

Chimene anaona

Mnyamatayo anali Joe Louis, munthu wakuda wa ku Detroit, wazaka 22, wosagonjapo chiyambire nkhonya zolipidwa. Mu 1935 anakomola Primo Carnera mu raundi yachisanu ndi chimodzi, kenako Max Baer, yemwe uja anathibula Schmeling, mu raundi yachinayi. Onse awiri anali atagwirapo lamba wa dziko lonse. Obetcha ankapereka 10 kwa 1 kuti Schmeling, wazaka 30, agonja.

Mu Disembala 1935 Schmeling anakhala pafupi ndi ring'i ku Madison Square Garden kuonerera Louis akuswa Paulino Uzcudun. Anthu onse anaona mphamvu. Schmeling atafunsidwa ndi atolankhani anangoti waona kanthu. Kenako anapeza makanema a nkhonya za Louis, n'kumawaonera mobwerezabwereza pamodzi ndi Machon.

Kanthu kaja kanali aka. Louis akaponya jabu, chibakera chofulumira chowongoka cha dzanja lakutsogolo, dzanja lamanzere silinkabwerera pachibwano. Linkatsika pang'ono, ngati likupuma, makamaka akafuna kuponyanso jabu yachiwiri kapena kukoka chibakera chokhota. Mpata wake unali waung'ono kwambiri, wosakwana kuphethira kwa diso, koma unali panjira yeniyeni ya chida chimodzi chimene Schmeling anali nacho, chamanja chowongoka.

Apa m'pamene anyamata anga amafulumira kunena kuti zinali zophweka. Ndimawakaniza. Ena amene anamenyana ndi Louis mwina mpatawo anauonanso, koma kuti uugwiritse ntchito umayenera kuima pamene jabu ya Louis ikukufika. Ukathawira kutali, chamanja chako sichimupeza. Ukayandikira kwambiri, zokhota zake zikugwetsa. Schmeling anasankha kuima pakatikati, pamene ankadziwa kuti jabu azidya ndithu, koma mutu atautsamiritsa kumbuyo kuti zibakera zokhota zamanzere zizifika zitatheratu mphamvu. Anavomera kulipira ndi nkhope yake kuti agule mpata umodzi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kumene tikunena apa n'kodekha diso likutupa.

Mbali ya Louis nayo inathandiza. Kumalo ake okonzekera ku Lakewood, New Jersey, ankathera nthawi yambiri akusewera gofu. Mphunzitsi wake Jack Blackburn ankalidziwa vuto la dzanja lamanzerelo ndipo ankamuchenjeza, koma mnyamata amene aliyense womukhudza akugwa samva msanga.

Usiku wa 19 Juni 1936

Nkhonya inachedwa ndi tsiku limodzi chifukwa cha mvula. Maraundi atatu oyamba anali a Louis. Jabu zake zinkalowa, ndipo diso lamanzere la Schmeling linayamba kutupa. Woonerera wamba akanati zikuyenda monga anthu ananenera. Koma muyang'anitsitse raundi yachiwiri: chamanja chimodzi chikudutsa pamwamba pa dzanja lotsika lija n'kugunda nsagwada. Uko kunali kuyesa msampha, ndipo unagwira.

Mu raundi yachinayi Louis anaponya jabu, dzanja linatsika, chamanja cha Schmeling chinafika pachibwano. Louis anadzandira, Schmeling anatsatiza zina, Louis n'kukhala pansi, koyamba m'nkhonya zake zonse zolipidwa. Anadzuka msanga, koma miyendo sinabwererenso bwino usiku wonsewo. Kumapeto kwa raundi yachisanu Schmeling anamumenyanso chamanja belu litalira kale, m'phokoso la khamu, ndipo chimenecho chinamupweteka kwambiri Louis chifukwa anali atatsitsa manja. Sindibisa zimenezi ndikamaonetsa kanemayu. Nayenso Louis, mutu utasokonezeka, anaponya zibakera zingapo kunsi kwa mchombo m'maraundi otsatira.

Chimene ndimasilira kwambiri ndi zimene Schmeling sanachite. Atamugwetsa Louis sanapenge kufuna kumaliza pomwepo. Ankadziwa kuti Louis wovulala akadali wokhoza kukomola munthu ndi chibakera chimodzi. Anabwerera pa kaimidwe kake, n'kumadikira jabu, n'kumabwezera chamanja, raundi ndi raundi, chibakera chomwechomwecho pamalo omwewomwewo, mpaka tsaya lamanzere la Louis linatupa. Mu raundi ya 12 chamanja china chinamufoola, chotsatira chinamugwetsa pafupi ndi zingwe, ndipo Donovan anawerenga mpaka 10.

Louis sanasinthe kanthu m'maraundi 12 onsewo, ndipo pakona pake sanapeze njira yomuthandizira. Chizolowezi cha dzanja sichikonzedwa pa mphindi imodzi yopumira. Chimakonzedwa kumalo ophunzirira, kwa miyezi, ndipo Blackburn anapita kukachita zimenezo.

Zaka ziwiri zapakati

Schmeling anabwerera kwawo pa chombo chamumlengalenga cha Hindenburg. Boma la Nazi, limene lisanachitike zimenezi silinkakondwa kuti Mjeremani akamenyane ndi munthu wakuda poopa manyazi, linasintha nyimbo. Hitler anamulandira, kanema wa nkhonyayo anaonetsedwa m'dziko lonse, ndipo Goebbels, nduna yake yofalitsa nkhani, anaigwiritsa ntchito ngati umboni wa bodza lawo lakuti mtundu wawo ndi wopambana mitundu ina.

Mwa malamulo, Schmeling ndiye anayenera kumenyana ndi mwini lamba, James Braddock. Pangano linasainidwa, tsiku linaikidwa, 3 Juni 1937. Koma ku America ambiri ankaopa kuti lamba akapita ku Germany ya Hitler sabwerera, magulu ena ankalimbikitsa anthu kunyanyala nkhonyayo, ndipo wokonza nkhonya Mike Jacobs (wosiyana ndi Joe Jacobs uja) analonjeza Braddock gawo la phindu lake kwa zaka khumi akasankha Louis. Schmeling anafika, anakwera sikelo, Braddock osaoneka. Pa 22 Juni 1937 Louis anakomola Braddock ku Chicago mu raundi yachisanu ndi chitatu. Pamenepa Schmeling anachitiridwa zopanda chilungamo, ndipo Louis yemwe ananena kuti asatchedwe katswiri mpaka atagonjetsa Schmeling.

Tsono taonani manambala awa, chifukwa kwa ine ndiwo mtima wa lipotili. Pakati pa nkhonya ziwirizi Louis anamenya nkhonya 11. Schmeling anamenya zitatu zokha: Harry Thomas, Ben Foord wa ku South Africa, ndi Steve Dudas. Kuchokera Juni 1936 mpaka Disembala 1937, chaka ndi theka, sanalowe mu ring'i, akuthamangitsa Braddock ndi makalata. Wina ankakula ndi kukonza zolakwika zake pamaso pa adani enieni. Wina ankakalamba akudikira.

Masekondi 124

Pa 22 Juni 1938 anthu oposa 70,000 anadzaza Yankee Stadium, ndipo mamiliyoni ankamvera pa wailesi. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inali pafupi, ndipo anthu sankaonanso anyamata awiri ovala magolovesi, ankaona America ndi Germany. Schmeling anali ndi zaka 32, Louis 24. Joe Jacobs sanaloledwe kukhala pakona usiku umenewo chifukwa akuluakulu a nkhonya ku New York anali atamuimitsa. Polowa mu ring'i anthu ankamugenda Schmeling ndi zinyalala.

Belu litalira Schmeling anaima monga kale, atatsamira kumbuyo, chamanja chikudikira. Koma Blackburn ndi Louis nawonso anali ataphunzira. Anazindikira kuti dongosolo lonse la Schmeling limafuna zinthu ziwiri, mtunda ndi nthawi. Louis anamumana zonse. Sanaime patali n'kumaponya jabu imodziimodzi yoti iwerengedwe. Analowa mkati nthawi yomweyo, jabu, zokhota, zamanja, zonse zotsatizana, mpaka Schmeling anapezeka pazingwe. Munthu amene kulemera kwake kuli pa mwendo wakumbuyo akafika pazingwe alibenso kotsamira. Schmeling anagwira chingwe ndi dzanja lamanja, thupi n'kutembenuka, ndipo chamanja cha Louis chinagwera m'mbali chakumsana. Kukuwa kwake kunamveka kwa okhala pafupi ndi ring'i. Anagwa katatu. Machon anaponya thaulo, koma malamulo a ku New York sankalola thaulo kuimitsa nkhonya, Donovan analichotsa, mpaka Machon analowa yekha mu ring'i, woyimbirayo n'kuimitsa. M'nkhonya yonseyo Schmeling anaponya zibakera ziwiri zokha. Anagona m'chipatala masiku khumi, mafupa a msana atang'aluka.

Poyamba anadandaula kuti anamenyedwa pa impso, malo oletsedwa. Ndaonera kanemayo kosawerengeka, ndipo sindikuona mlandu pa Louis. Chibakera chinanyamuka chikulunjika m'nthiti, Schmeling ndiye anatembenuka.

Maganizo anga monga mphunzitsi ndi awa. Mwina palibe munthu wa nthawi imeneyo akanalimba ndi Louis wa usiku umenewo, ndipo zaka 32 si zaka 30. Koma pakona pa Schmeling panali cholakwika chimene chinkapeweka. Mu 1936 anafunsa kuti Louis amalakwitsa pati. Mu 1938 sanafunse funso lachiwiri, lakuti Louis waona chiyani mwa ife. Aliyense ankadziwa kuti Schmeling amayamba mozizira. Aliyense ankadziwa kuti Louis, atadya zamanja zonse zija, sangalolenso nkhonya yaitali yoganizirana. Raundi yoyamba inafunika dongosolo lakelake: kuyenda cham'mbali, kupewa zingwe, kumugwira Louis akalowa, kungopulumuka mphindi zitatu zoyambazo. Sindikuona chizindikiro choti anakonzekera zimenezo. Tsabola wakale sawawa.

Ndikunena izi ndi mtima wowawa chifukwa cholakwika chomwechi ndinachichita. Mnyamata wanga wina anagonjetsa mnzake amene ankatsitsa dzanja lamanja akamaponya chokhota. Atapangana kubwereza, ndinamuphunzitsa zomwe zija kwa masabata asanu ndi limodzi. Tsiku la nkhonya mnzakeyo anabwera dzanja lili pachibwano, akumenya m'mimba. Mwana wanga ankandiyang'ana pakona pa raundi iliyonse, ine ndilibe chomuuza. Anagonja chifukwa cha ine. Kuyambira pamenepo, mnyamata wanga akapambana, kanema woyamba amene timaonera ndi wa iye mwini, ndipo ndimamufunsa kuti akanakhala mdani wake akanalowera pati.

Munthuyo kunja kwa zingwe

Sindingalembe za Schmeling n'kulumpha funso limene anyamata amandifunsa nthawi zonse, makamaka poti womenyana nayeyo anali munthu wakuda: kodi anali wa Nazi?

Sanalowe chipanicho. Akuluakulu a boma atamukakamiza kuti asiye manijala wake wachiyuda anakana, ndipo anakhala ndi Jacobs mpaka Jacobs anamwalira mu 1940. Mkazi wa Schmeling, Anny Ondra, wochita mafilimu amene anamukwatira mu 1933, anali wa ku Czechoslovakia. Mu Novembala 1938, usiku umene magulu a Nazi ankatentha masunagoge ndi kuswa masitolo a Ayuda, anabisa anyamata awiri achiyuda, Henri ndi Werner Lewin, ana a mnzake, m'chipinda chake ku hotela ya Excelsior ku Berlin. Akanagwidwa, dzina lake silikanamupulumutsa, poti apa n'kuti atagonja kale kwa Louis ndipo boma litamutaya. Iye sanaiulule nkhaniyi. Inamveka mu 1989, Henri Lewin ataifotokoza yekha pamaso pa anthu ku Las Vegas.

Koma mbali inayo iliponso. Ankadya ndi Hitler ndi Goebbels, ankajambulitsa nawo, ndipo masewera a Olympic a ku Berlin a 1936 asanachitike anathandiza kutsimikizira Amereka kuti othamanga awo onse akalandiridwa bwino, zimene zinapindulira boma lija. Analola dzina lake kukongoletsa ulamuliro woipa chifukwa ankafuna kupitiriza ntchito yake ndi kusunga chuma chake. Ine sindimutcha ngwazi yolimbana ndi Nazi. Ndimaona munthu amene m'zandale ankaima monga ankaimira mu ring'i, atatsamira kumbuyo, akuyesa mtunda, osadziponya. Komabe pamene ana awiri anagogoda pakhomo pake, anatsegula, ndipo ambiri m'dziko limenelo sanatsegule. Patapita zaka iye mwini ananena kuti mwina zinamukhalira bwino kugonja mu 1938, chifukwa akanapambana akanamuveka mendulo, nkhondo itatha n'kumuwerengera pamodzi ndi zigawengazo.

Zotsatira

Mu Julayi 1939 anakomola Adolf Heuser mu raundi yoyamba ku Stuttgart n'kutenga lamba wa heavyweight wa ku Ulaya. Kenako anamulemba usilikali, m'gulu la odumpha ndi parachuti, ndipo mu Meyi 1941 anadumphira pa chilumba cha Crete, kumene anavulala. Nkhondo itatha anapezeka wopanda kanthu, munda wake waukulu wa ku Pomerania utapita. Umphawi unamubwezera mu ring'i ali ndi zaka 42. Anamenya nkhonya zisanu mu 1947 ndi 1948, yomaliza pa 31 Okutobala 1948 ku Berlin, kumene Richard Vogt anamugonjetsa pa mapointi. Pa nkhonya 70 zolipidwa anapambana 56, anagonja 10, zinayi anafanana mphamvu.

Ndalama za nkhonya zisanu zija sanadye. Anagula malo n'kuyamba ulimi ndi kuweta, ndipo m'zaka za m'ma 1950 anapeza chilolezo chothira ndi kugulitsa Coca-Cola m'dera la Hamburg, chimene chinamulemeretsa. Louis, amene anasunga lamba pafupifupi zaka 12 n'kuuteteza maulendo 25, amene anatumikira dziko lake pa nkhondo, anathera mu ngongole za msonkho ndi matenda. Mu 1954 Schmeling anakamuchezera ku Chicago, ndipo anakhala mabwenzi. Ankamuthandiza ndi ndalama, ndipo Louis atamwalira pa 12 Epulo 1981, anathandizanso pa zofunika za maliro.

Anny Ondra anamwalira mu 1987. Analibe ana. Schmeling anakhalabe kunyumba kwake pafupi ndi Hamburg, akupereka chuma chake ku ntchito zachifundo, ndipo holo yaikulu ya masewera ku Berlin inatchedwa dzina lake iye akadali moyo. Anamwalira pa 2 Febuluwale 2005 ali ndi zaka 99, ndipo anamuika ku Hollenstedt pambali pa mkazi wake.